Ndinatcha mkamwini wanga mbala chifukwa cha ramu ya kompyuta

Ndinatukwana munthu wosalakwa pamaliro a amalume ake, anthu ali mbwee, ndipo lero mwana wanga mmodzi yekhayo sayankha foni yanga. Cholakwacho ndi changa, sindikukana. Koma inu owerenga musafulumire kundiseka, chifukwa ambiri a inu muli ndi makompyuta kunyumba ndi kuntchito, ndipo za m'kati mwake simudziwa kuposa mmene ndinkadziwira ine. Mumangodziwa kudina basi. Tsiku lina nanunso mudzawerenga kanambala pasikirini n'kuyamba kuloza anthu zala.

Ndine mayi wamasiye wa ku Wusakile, muno mu Kitwe. Makolo anga anachokera ku Katete kudzagwira ntchito pamgodi, ine ndinabadwira konkuno. Ndinatayipa makalata mu ofesi ina ya pamgodi zaka zambiri mpaka tsiku limene anatichotsa gulu. Potuluka ndinagulako imodzi mwa makompyuta akale amene ofesiyo inkagulitsa kwa antchito, chibokosi chakuda cholemera ngati batire ya galimoto. Ndi chibokosi chimenecho ndakhala ndikupanga makadi a ukwati, mapulogalamu a maliro ndi timapepala ta ubatizo, pakhonde panga pomwepa. Mu Wusakile ndi ochepa amene anakwatira kapena kuikidwa m'manda dzina lawo lisanadutse m'zala zanga, ndipo ndimadzitama nazo. Mtima wanga ndi wapachala kuyambira kale. Malemu amuna anga ankati ndimayamba ndaluma, kenako n'kufunsa kuti ndaluma ndani.

Mwana wanga dzina lake ndi Misozi. Anabwera ndi mwamuna wofuna kumukwatira, Bwalya, Mbemba wokonza makompyuta amene anali ndi kashopu kake m'tauni. Kwawo anatumiza ankhoswe ndi mbale ziwiri zovundikirana, ife tinalandira, ndipo kuyambira tsiku limenelo Bwalya anakhala mkamwini wanga ngakhale ukwati unali usanachitike. Mwambo wake mukuudziwa. Mkamwini sayang'ana apongozi m'maso, sakhala nawo pafupi, ndipo satsutsana nawo. Bwalya analeredwa, ndipo mwambowu anaugwira ndi manja awiri. Tikakumana panjira ankapatuka, n'kunyonyomala poteropo, n'kuwomba m'manja. Akakhala ndi mawu oti andiuze ankauza Misozi, Misozi n'kudzandiuza ine, ngakhale tonse atatu tili pabwalo limodzi. Ine zinkandikoma kwabasi, moti kutchalitchi ndinkauza amayi anzanga kuti akamwini awo abwere adzaphunzire ulemu kwa wanga.

Vuto linayamba ndi kuchedwa kwa kompyuta. Makasitomala a masiku ano amatumiza zithunzi zikuluzikulu za pafoni, ndipo safuna chimodzi ayi, amafuna malemu ali mwana, malemu ali pasukulu, malemu ali paukwati. Ndikaika zithunzi zinayi, chibokosi chija chinkauma gwa, moti ndinkatha kupita kukatereka tiyi n'kubwerako chisanasunthe. Tsiku lina anamfedwa anadikira pakhonde mpaka galimoto ya maliro inanyamuka opanda mapulogalamu m'manja, ndipo manyazi ake sindidzawaiwala. Misozi anafunsa Bwalya, yankho linabwera loti ramu yachepa. Kwa inu osadziwa, ramu ndi timabodi tobiriwira, tofanana ndi kachipeso, pamene kompyuta imayalapo ntchito imene ikugwira nthawi imeneyo. Yanga inali ndi 2 gigi, Bwalya anati ifunika 8.

Bwalya anafuna kundipatsa yake ya m'shopu, ine ndinakana. Sindinafune kuti amiseche a mu Wusakile azinena kuti ndayamba kudya za mkamwini ukwati usanachitike. Ndinakwera minibasi ndekha mpaka ku Ndola, kushopu ya mayi wina amene ndinkagulako inki, ndi kugula timabodi tiwiri ta 4 gigi aliyense. Ndinaona mayiyo akudontheza kyutekisi wofiira, uja wopaka m'zikhadabo, pakona ya kabodi kalikonse asanandipatse, koma sindinafunse chifukwa chake.

Loweruka masana Bwalya anabwera kudzaika. Anakhala pansi pakhonde ndi chikwama chake cha zida, ine ndinalowa m'chipinda chochezera monga mwa mwambo, Misozi anaima pakhomo pakati pathu. Ndinamva Bwalya akuyankhula chapansipansi nthawi yaitali ndithu. Misozi za makompyuta alibe nazo ntchito, ndiye mawu onsewo anangowapinda n'kundibweretsera chiganizo chimodzi.

"Amayi, akuti pafunika kufomata, aikemo sisitimu yatsopano."

Kufomata ndi kufufuta zonse, ndipo sisitimu ndi pulogalamu yaikulu imene imayendetsa kompyuta yonse. Ine nditangomva mawu amenewo magazi anathamangira kumutu. M'chibokosi chimenecho munali pulogalamu ya maliro a amuna anga, munali maluwa ndi mitanda ya m'mbali mwa makadi imene ndinasonkhanitsa zaka zonsezi, munali ntchito ya anthu ambiri amene amabweranso kudzafuna makope. Komanso ndinali nditamva kuti okonza makompyuta, chilichonse chikawakanika, amathamangira kufomata. Ndinakuwa kuti aike ramu yokha basi, sisitimu asaikhudze. Bwalya anayankhulanso, Misozi n'kunena kuti akuti sizigwira bwino. Ndinafunsa mokweza kuti kodi kompyutayo ndi yanga kapena yake. Panja ndinamva kuwomba m'manja ndi mawu akuti, "Eya mukwai," kuvomera kwaulemu kwa Chibemba. Anaika timabodi tija, anatseka bokosi, n'kumapita.

Kompyuta inapepukako pang'ono, koma zithunzi zikachuluka inkaumabe. Apa ndi pamene analowerera a Zulu, mnzawo wa malemu amuna anga, amene ankagwira ntchito yamagetsi pamgodi asanapume. A Zulu ndi anthu aja odziwa chilichonse. Mpira amaudziwa, ndale amazidziwa, matenda a nkhuku amawadziwa, ndipo chinthu chimodzi chokha chimene sanachinenepo chibadwire ndi chakuti sindikudziwa. Anabwera kudzamwa tiyi waulere monga mwa masiku onse, anandimva ndikudandaula, n'kukoka mpando. Anadinadina mpaka anatsegula pamene kompyuta imalemba za m'kati mwake, n'kundilozera ndi chala. Panalembedwa 3.2 gigi.

Ine ndinagula 8. Ndinachita kukwera minibasi ndi miyendo yangayi kukagula 8.

A Zulu anaseka chikhakhali. Anatsegula bokosi ndi mpeni wanga wa kukhitchini, anazula timabodi tija, anatiyang'ana padzuwa ngati akuyesa mazira, n'kugwedeza mutu. Anati, "Alamu, akuberani masana dzuwa likuswa mtengo. Zanu watenga, waikamo zing'onozing'ono zakutha kale, timapepala tolembedwa 4 wangosamutsa n'kumata." Ndinafunsa kuti nanga 3.2 yachokera kuti, iwo anati ramu yakale imaphwa mphamvu ngati batire. Bodza lamkunkhuniza, koma ine ndinalimeza lonse ndi minga yomwe. Timabodi tija ndinali nato m'manja mwanga, koma maso anga anali atafiira ndi ukali, sindinayang'ane n'komwe pakona.

Lamlungu titatuluka Misa ndinaitanitsa Bwalya. Mwambo uja ndinkautama ndinauponda ine mwini, ndinakaima patsogolo pake penipeni manja ali m'chiuno. Iye anagwada pafumbi, maso pansi. Ndinamufunsa katatu kuti ramu yanga ili kuti. Katatu konse anangoti, "Awe mukwai," kutanthauza kuti iyayi, n'kutembenuzira mutu kwa Misozi kuti amuyankhulire. Misozi anayamba kufotokoza, ine ndinamuuza kuti atseke pakamwa chifukwa chikondi chamumata phula m'maso. Anandichonderera kuti ndimulole Bwalya ayatse kompyuta andionetse, ine ndinati mbala sidzakhudzanso chinthu changa. M'mutu mwanga ndinkati munthu wosalakwa bwenzi atadzuka n'kukalipa, uyu wangoti zyoli chifukwa wagwidwa. Sindinaganize kuti munthuyo akanadzuka n'kundikalipira, ine ndemwe ndikanalengeza Wusakile yonse kuti mkamwini wanga ndi wamwano.

Zikanathera pamenepo mwina bwenzi lero ndisakulemba izi. Koma patapita masabata awiri anamwalira amalume ake a Bwalya, amene anamulera ndi kumuphunzitsa sukulu.

Kuno ku migodi ife a kum'mawa ndi Abemba tili pachimbuya, ndiko kuti timasekana ngati asuweni. Iwo amati ife timadya mbewa, ife timati iwo amadya anyani ndipo zala zawo n'zazitali. Pamaliro a Abemba ife timapita kukagwira ntchito ndi kukawaseka, timawapaka ufa kumaso, anamfedwa amene amalira n'kuyamba kumwetulira, ndipo palibe amene amakwiya. Ndi mwambo wabwino wopepuza chisoni. Ine ndinautenga mwambo umenewo n'kuusandutsa chikwanje.

Titabwera kumanda masana, anthu atakhala m'tenti ndi pabwalo ponse kwa amayi ake a Bwalya, amayi anzanga anayamba chimbuya chawo. Ine ndinali nditamanga ufa pansonga ya chitenje. Ndinadutsa onse n'kulunjika pamene panakhala Bwalya. Mpongozi sachita chimbuya ndi mkamwini wake, aliyense amadziwa zimenezo, koma nditamukhuthulira ufa kumutu anthu anasekabe poganiza kuti ndangopyola malire pang'ono. Kenako ndinatulutsa m'chikwama timapaketi topanda kanthu tija munali ramu, ndinatikweza m'mwamba, n'kuyankhula m'Chibemba kuti aliyense amve bwino. Ndinati ichi si chimbuya ayi. Ndinati munthu uyu wabera mayi wamasiye amene anamupatsa mwana, ndipo nonse amene mumamusiyira makompyuta anu mukawerenge zimene zatsalamo. Ndinanenanso zina zokhudza amalume ake omwe tinali titangowakwirira, kuti analera mbala, ndipo mawu amenewo sindingawalembe onse pano.

Kuseka kunazima. Amayi ake a Bwalya anadzifunda chitenje kumutu. Bwalya anatsika pampando n'kugwada, ufa uli m'maso, osaupukuta. Misozi anali kuseri kwa nyumba kothandiza kuphika, ndipo anatulukira atagwira chipande m'manja. Anandiyang'ana osalira, n'kupita kukagwada pambali pa Bwalya n'kuyamba kumupukuta kumaso ndi chitenje chake. Ine ndinatuluka pachipata ndikudzimva kuti ndapambana.

M'mawa mwake Misozi analongedza zovala n'kupita ku Ndola kwa azakhali ake, mlongo wa malemu amuna anga. Ndinamuuza kuti apite, njala ikamuwawa adzabwera yekha. Nkhani ija nayo inayenda. Wina pamaliropo anajambula ndi foni, ndipo pofika Lachitatu makondakitala a minibasi ankaidziwa kuposa ine. Ofesi ina ya ku Parklands imene Bwalya ankaisamalira makompyuta inasiya kumuitana. Anthu anayamba kupita kushopu yake kukalamula kuti atsegule makina awo iwo akuona, ena anangotenga katundu wawo asanakonzedwe. Pasanathe miyezi iwiri kashopu kaja kanatsekedwa. Ndikuuzeni zoona inu owerenga, nditamva ndinasangalala. Ndipo sindinasangalale ndekha. Amayi a mumsewu mwathu ankabwera pakhonde kudzandiwombera m'manja kuti ndachita chamuna, omwewo amene lero akandiona amawolokera tsidya lina la msewu ngati ndili ndi mphere. Afiti inu, mukuwerenga izi mukudzidziwa.

Ku Ndola ndinabwererako ndi chibokosi chija pamiyendo mu minibasi, osati kukafuna chilungamo ayi. Ndinkafuna kuti mayi wa shopu uja andilembere kalata yotsimikiza kuti ramu imene ili m'katimo si imene anandigulitsa, kuti ndikaiponye pamaso pa ankhoswe pobweza mbale zawo. Ndinafika ndikupuma moto, n'kumufotokozera zonse za kubedwa kwanga.

Mayiyo anatsegula bokosi, anazula timabodi tija, n'kundionetsa pakona. Kadontho kofiira ka kyutekisi kanali pomwepo, pa tonse tiwiri. Anati amadontheza pa katundu wake yense kuti munthu akabweza chinthu azidziwa ngati ndi chake. Anatibwezeramo, anayatsa kompyuta akudina batani lina mobwerezabwereza, ndipo panatuluka sikirini yabuluu imene ndinali ndisanaionepo, yobwera sisitimu isanadzuke. Anandilozera nambala 8192, n'kunena kuti imeneyo ndiyo 8 gigi.

"Amayi, ramu yanu yonse ilimo, palibe wakuberani. Vuto ndi sisitimu yanuyi. Ndi yakale, ya 32 biti, ndipo imatha kuwerenga mpaka 4 gigi basi, olo muikemo 8, olo 16. Pa 4 yomweyo imapatulaponso ina kupatsa zoonetsa zithunzi pasikirini ndi zida zina, n'chifukwa chake mukuona 3.2."

Ataona kuti ndangoti kukamwa yasa, anandifunsa kumene ndimakhala. Nditati ku Wusakile, anati ndiye ndikudziwa za nyumba za mgodi, kuti kaundula wa ofesi anali ndi manambala ake othera penapake. Munthu akamanga kanyumba kena kuseri, kanyumbako kalipo ndithu, koma ofesi sikadziwa chifukwa kalibe nambala. Anati ramu yangayo ndi chimodzimodzi, ilipo koma sisitimu ilibe manambala oipatsa. Mankhwala ake ndi kuika sisitimu ya 64 biti, ndipo asanatero amayamba akopera mafayilo onse padisiki ina, palibe chimene chimatayika. Kenako anandiyang'ana n'kufunsa, "Kodi amene anakuikirani sanakuuzeni? Aliyense wodziwa ntchito amayamba wanena zimenezi."

Ndinati sanandiuze. Ndinanama, mayi wamkulu ine wovala korona m'khosi. Ndinapempha mpando.

Ntchito yonse inatha masana omwewo. Pulogalamu ya maliro a amuna anga inalipo, maluwa anga onse analipo, ndipo pamene panali 3.2 panalembedwa 8. Kuchokera pashopupo kukafika kwa azakhali ake a Misozi ndi ulendo wa mapazi. Ndinaima pamphambano ndi chibokosi changa pamutu, ndinayang'ana njira ya kumeneko, n'kutembenuka kukakwera minibasi ya ku Kitwe. Uku ndiye kulakwa kwanga kwachiwiri, ndipo kumaposa koyamba, chifukwa apa ndinali nditadziwa.

Ndinaimba foni patapita masiku atatu. Misozi anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anandiuza zimene Bwalya ananena pakhonde Loweruka lija. Bwalya anali atafotokoza zonse, za 32 ndi 64, ananeneratu kuti kompyuta idzaonetsa 3 ndi kanthu, ndipo m'chikwama mwake anali atabweretsa disiki yokoperapo mafayilo anga. Misozi anati iye amadziimba mlandu tsiku lililonse chifukwa chofupikitsa mawuwo. Ndinati chabwino, zachitika, abwere kunyumba tiiwale. Anayankha kuti, "Munamupaka ufa pagulu, amayi. Mukamupukute pagulu." Ankafuna kuti ndipite kwa amayi ake a Bwalya masana anthu akuona, ndiponso ndikaimirire pamphakati wathu wa tchalitchi n'kunena kuti ndinanama.

Mtima uja unandipsanso. Ine kukagwadira mkamwini? Ndinati nayenso Bwalya ndi wolakwa, bwenzi atayankhula ngati mwamuna m'malo mongogwada ngati mbuzi yomangidwa. Misozi anati mwambo umene unamutseka pakamwa ndi womwe uja ndinkautama kutchalitchi. Anadula foni.

A Zulu nditawauza zimene ndinapeza ku Ndola, anangokanda m'mutu n'kunena kuti zamakonozi zimasinthasintha, kenako anafunsa ngati tiyi wapsa. Ndinawathamangitsa ndi tsache mpaka pamsewu, ndipo sanapondenso pakhomo panga. Koma kuthamangitsa a Zulu kunali kosavuta. Chovuta chinali chija anapempha mwana wanga, ndipo ndinkangochikankhira kutsogolo. Ndinati ndipita sabata yamawa. Ndinati Lenti ithe kaye. Ndinati Pasaka ipite, anthu aiwaleko. Ndinkadziuza kuti mwana ndi mwana, sangakwatiwe popanda mayi wake, adzabwera yekha kudzandipempha makadi, ndipo pamenepo tidzakambirana ine ndili pampando wanga. Ndikamuimbira foni inkangolira, ine n'kumati akunyada. Miyezi isanu ndi iwiri inatha chotero.

Tsiku lina m'mawa pachipata panga panaima galimoto yoyera, munatuluka mayi wina wa ku Nkana East amene sindinkamudziwa. Anati mwana wake akukwatiwa ndipo wamva kuti ine ndimapanga makadi abwino. Anatulutsa kadi m'chikwama n'kunena kuti akufuna ofanana ndi amenewo, chifukwa anawakonda kwambiri. Ndinavala magalasi n'kulandira.

Choyamba chimene diso langa linaona n'chakuti dzina la mkwatibwi silinakhale pakati penipeni, linapendekera kumanzere. Kenako ndinaliwerenga dzinalo. Linali la Misozi. Pansi pake panali la Bwalya. Pamwamba, pamene timalemba makolo oitana anthu, mbali ya mwamuna panali amayi ake a Bwalya. Mbali ya mkazi panali dzina la malemu amuna anga ndi la mlongo wawo. Ndinatembenuza kadiyo kuyang'ana kuseri, ngati kuti dzina langa lingakhale kumeneko. Tsiku la ukwati linali litapita kale ndi masabata atatu.

Mayi uja anapitiriza kucheza, osadziwa kanthu. Anati mkwatiyo ndi amene amamukonzera laputopu, munthu wokhulupirika amene mfiti ina inamunamizira kuba mpaka shopu yake inatsekedwa, moti pano amagwira ntchito kuseri kwa shopu ya munthu wina ku Ndola. Anati ukwati unali waung'ono koma wokongola. Anati chinamumvetsa chisoni ndi mkwatibwi, mwana wamasiye wopanda bambo ndi mayi, amene analira kwambiri ataitana makolo kutsogolo n'kuimirira azakhali okha.

Sindinamuuze kuti mfitiyo ndi ine. Ndinafunsa kuti akufuna makadi angati ndi mtundu wanji wa pepala. Atapita ndinakhala pansi n'kuyamba ntchito, ndipo kompyuta inathamanga bwinobwino, zithunzi zonse kutseguka nthawi imodzi osauma ngakhale pang'ono. Ndinalira mpaka madzi anagwera pakiyibodi. Ine amene ndapangira makadi Wusakile yonse, a mwana wanga anakapangitsa kwa munthu wosadziwa n'kuika dzina pakati.

Lamlungu lotsatira ndinaimirira pamphakati n'kunena zonse. Lolemba ndinapita kwa amayi ake a Bwalya masana, ndinagwada pabwalo lomwe lija, anthu oyandikana nawo atasonkhana kumpanda, n'kunena m'Chibemba chomwe ndinatukwanira kuti mwana wawo sanabe kanthu ndipo wabodza ndine. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Anandipatsa mpando ndi madzi akumwa, n'kungoti, "Twaumfwa mukwai," kutanthauza kuti amva. Nditafunsa kumene ana akukhala, anati adzawauza kuti ndinabwera. Palibe amene anajambula tsiku limenelo, ndipo makondakitala aja sanaimve nkhaniyi.

Tsono inu owerenga, mverani. Kompyuta yanu ikaonetsa ramu yochepa kuposa imene munaikamo, musathamangire kugwira munthu pakhosi. Funsani kaye ngati sisitimu yanu ndi ya 32 kapena 64 biti. Uzani wodziwa akuonetseni sikirini ija yobwera sisitimu isanadzuke, chifukwa imeneyo imawerenga zonse zimene zili m'bokosi. Mayi wa ku Ndola anandiuzanso kuti nthawi zina kabodi kamakhala kuti sikanalowe bwino m'malo mwake, kapena kompyutayo ili ndi malire ake a ramu imene ingalandire, ndipo mwa zonsezi mulibe mbala. Safunsa anadya phula, koma ine ndinafunsa munthu wolakwika, ndiye samalani ndi a Zulu a kwanuko, chifukwa msewu uliwonse uli nawo.

Ndipo inu apongozi anzanga, amene mumasangalala mkamwini akamanyonyomala patali, dziwani kuti munthu amene mwamuletsa kukuyang'anani m'maso mwamuletsanso kudziteteza. Akakhala ndi mawu a ntchito yake, muitaneni akhale pampando, mumve ndi makutu anu, mwambo sudzafa tsiku limodzi. Mukalakwa, pitani tsiku lomwelo, musadikire Lenti ithe.

Kadi uja mayi wa ku Nkana East anaiwala kutenga, ndipo sindinamukumbutse. Ndinakhala pansi tsiku lina n'kuupanganso ndekha, dzina la Misozi ndinaliika pakati penipeni, mzere wa makolo ndinausiya mmene unalili. Ndinasindikiza kope imodzi yokha. Ili mu envulopu pamwamba pa chibokosi chakuda chija, ndipo adiresi yoti ndilembepo ndilibe.